Mamita Makumi Asanu Amene Ndinabisa M'dambo

Lusiya ndi Tomasi, mayi anu amati ndikamakamba nkhani pakamwa ndimayamba kukalipa ndisanafike pakati, ndipo sanama. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba. Zaubwana wanga ndazidumpha dala, mukuzidziwa kale: nkhondo, kuthawa, msasa wa ku Malawi kumene ndinaphunzira mpaka Fomu 3. Chimene simudziwa n'chakuti zinatani kuti bambo anu, amene anali kapitawo wa anthu makumi awiri pa njanji, amalize ntchito atanyamula mbendera pamene msewu wa ngolo umadutsa njanji. Anzanu kusukulu ankakuuzani kuti ndinamenya shefi, bwana wathu wa pa ntchito. Sindinamumenye. Ndinkafuna ndithu, koma nkhani si imeneyo.

Chaka chotsatira mtendere wa 1992

Tinabwerera kwathu pa lole, ine ndi agogo anu aakazi ndi mbuzi imodzi. Agogo anu aamuna sanabwerere. Anafera m'njira pothawa, ndipo mpaka lero sitidziwa pamene anthu anawakwirira. M'tauni ya Insaca ndinayendayenda miyezi inayi ndi pepala langa la sukulu, lolembedwa m'Chingerezi, m'dziko limene wa mu ofesi aliyense ankafuna Chipwitikizi. Mlembi wina analitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa ngati linali khadi la kuchipatala. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Kenako ndinamva kuti ku sitesheni ya Entre Lagos akufuna anthu oyendera njanji, ntchito imene ambiri ankaiopa chifukwa cha mabomba otchera pansi. Ndinapita wapansi.

Kapitawo wanga woyamba anali Che Saide, Myao wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, wamfupi, wosakweza mawu, amene anayamba njanji nthawi ya Apwitikizi. Anandiyang'ana kumapazi, osati kumaso. "Nsapato zako ndi zomwezi?" Ndinati inde. "Basi, tikafika m'dambo uzivula. Nthaka imamveka bwino ndi phazi." Tinalipo asanu ndi anayi, nyundo ziwiri, ndi sipanala imodzi yaikulu imene Che Saide ankagona nayo m'nyumba. Maparafuzo, mabawuti omangira njanji, kunalibe. Tinkamasula pa njanji zakufa za pambali n'kukamanga pa yamoyo, ndipo sitima ikabwera inkakwawa moti amayi ogulitsa nthochi ankayenda nayo limodzi mpaka malonda atha.

Gawo lathu loopsa linali la m'dambo, kumene njanji imayenda pamwamba pa chitunda cha dothi chimene anthu anaunjika, madzi uku ndi uku dzinja lonse. Che Saide ankanditsitsira m'tsinde mwa chitundacho, m'matope ofika m'maondo, n'kumandivundukulira udzu ndi ndodo. "Madzi amalowa pansi osauza munthu, Nesito. Amaba dothi pang'onopang'ono, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Ukaona madzi oyera akutuluka m'tsinde, lemba, ubwerenso mawa. Ukaona ofiira, thamanga ndi mbendera." Ndinawafunsa kuti tingadziwe bwanji za malo amene sitinavundukule. Anati, "Sitingadziwe. N'chifukwa chake ndimaswali kasanu patsiku."

Zaka zapakati

Che Saide atapuma ntchito n'kuyamba kugulitsa nsomba zouma pa njinga, anandipatsa ine ukapitawo. Ndinakwatira mayi anu, inu munabadwa, anandisamutsira ku Cuamba zaka zitatu, n'kundibwezanso ku dambo langa chifukwa kumeneko ndinkakangana ndi aliyense. Ntchito ndinkaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Chinkandiwononga ndi pakamwa. Kalata yoyamba yondichenjeza ndinailandira tsiku limene woyendera ntchito wina wa ku likulu anati anthu anga ndi aulesi, chikhalirecho tinali titatha sabata tikudikira maparafuzo. Ndinamuponyera thumba lopanda kanthu kumapazi kuti amange nalo njanji. Yachiwiri inachokera kwa shefi wathu watsopano, a Baptista, munthu wodziwa mapepala koma woopa matope. Anatiuza kuti tizilemba kuti tayendera gawo lonse ngakhale tsiku limene bwato lokha ndi limene likanadutsa. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti mimba yawo yadzaza mapepala. Anandiitana mu ofesi, osakalipa n'komwe, n'kundionetsa makalata awiri aja atawaphatikiza. "Ernesto, yachitatu sikhala kalata. Imakhala chitseko." Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda nditaluma lilime, chifukwa iwe Lusiya unali utangolowa sekondale.

Chilimwe chimene chingwe chinafika

Njanji itamangidwanso kuti muzidutsa sitima zazitali za malasha, chitunda cha m'dambo anachikuza n'kuchikweza, ndipo kampani inatumiza enjenyera wachizimayi wochokera ku Nampula, Dona Selesite, wamng'ono kwa ine ndi zaka zoposa khumi. Anabwera ndi zimikombero za chingwe chakuda zotalika kuposa munthu. Anati tikumbe ngalande yaing'ono m'tsinde mwa chitunda, dambo lonse, tikwirire chingwecho, ndipo chizitiuza pamene madzi akulowa ndi pamene dothi likusuntha. Ndinaseka. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi changa cha pa njanji kuti maso a chingwecho ali pati. Iye anatulutsa kampeni, n'kusenda nsonga, khungu lakuda, lina lamkati, mpaka panatsala kaulusi ka galasi kochepa ngati tsitsi. Anakaika pachikhatho panga. Ndikanapuma mwamphamvu kakanauluka.

"Maso ake ndi thupi lonseli, a kapitawo," anatero. Anafotokoza kuti makina a m'kanyumba ka ku Entre Lagos amaponya kuwala m'kaulusiko, pang'onopang'ono ngati munthu wogogoda. Kuwalako kukamayenda, paliponse pamene kwadutsa kachidutswa kake kamabwerera m'mbuyo, monga mawu amabwerera ukakuwa pafupi ndi phiri. Kamene kachedwa kubwerera kachokera kutali, ndiye makina amadziwa malo. Ndipo ngati pamalopo patentha, pazizira, kapena ulusi wakokeka, kobwererako kamabwera katasintha pang'ono, ndiye makina amadziwa chimene chachitika. Madzi olowa m'dothi amasintha kutentha kwake. Dothi losuntha limakoka chingwe. Ndinati zimenezo akauze ana a sukulu. Sanapse mtima. Titakwirira gawo loyamba anandipatsa ketulo ya madzi owira. "Tengani njinga, pitani kulikonse kumene mufuna, musauze munthu. Fukulani chingwe, muthire."

Ndinapita ndekha, foni nditazimitsa, chifukwa ndinkaganiza kuti chinyengo chake chili mu foni. M'njira ndinaima kukangana ndi munthu wina amene anaanika usipa pa miyala ya njanji. Kenako ndinalowa m'bango pamalo amene ngakhale ine sindinkawadziwa dzina, n'kufukula, n'kuthira. Ndinadikira pang'ono, n'kuyatsa foni. Inalira nthawi yomweyo. Dona Selesite anatchula mtunda kuchokera pa kanyumba kake, mamita zikwi ziwiri ndi mazana atatu ndi khumi ndi awiri, n'kuwonjezera kuti, "Koma madzi anu apola, a kapitawo. Munaima m'njira kucheza?" Ndinayang'ana m'bango monse kufuna munthu wondizonda. Munalibe, munali achule okha. "Tsopano chikokeni pang'ono ndi manja, mugwire choncho mpaka ndikuuzeni." Ndinakoka, n'kugwira, thukuta likudontha. Patapita mphindi zingapo anati, "Basi, basi, ndakumvani. Musandidulire."

Ana anga, ndinakhala pansi m'matopemo. Ndinabwerera ndikuwerenga kuchokera pa chipilala cha kilomita, ndipo sanaphonye ngakhale phazi limodzi. Ine ndinali nditayenda njanji imeneyo zaka makumi awiri, ndipo tsiku lililonse ndinkadziwa pamene ndaponda pokha, pa ola limene ndaponda lokha. Ndikangodutsa, kumbuyo kwanga kunkakhalanso mdima. Kaulusi aka kankamva mita iliyonse nthawi imodzi, usana ndi usiku, kali chigonere m'dothi, kopanda batire, kopanda diso, kopanda kudya. Kuwala kunkapita ku mapeto a dambo n'kubwerera ine ndisanaphethire. Ndinachita mantha a mtundu umene ndinkachita ndili mwana ansembe akakweza mkate m'mwamba tchalitchi chonse chili zii. Madzulo ake ndinapita kukanyumba kuja chipewa chili m'manja. Pagalasi la kompyuta panali mzere wautali, wosalala, ndi kaphiri kamodzi kakang'ono. "Ndinu amenewo," anatero Dona Selesite. Ndinati, "Pepani, a enjenyera." Anthu anga amati tsiku limenelo ndi loyamba kundimva ndikunena mawu amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kumvetsa kuti zotsatirazi zimveke. Makina sadziwa njanji, amadziwa utali wa chingwe chokha. Dona Selesite ndiye anali ndi mapu osonyeza kuti mita yakuti ya chingwe ili pamalo akuti a njanji. Pakatha makilomita awiri aliwonse tinkamanga bokosi la simenti, ndipo pansi pake tinkakwirira mkombero wa chingwe chotsalira, mamita ambiri ndithu, chodzakonzera chikadzaduka. Poyesa mapu ake, iye ankathira madzi otentha pongotuluka pa bokosi lililonse. Zikagwirizana pamenepo, ankakhulupirira kuti pakati ponse pali bwino, chifukwa ankakhulupirira ife.

Mwezi wa Okutobala, chaka chomwecho

Tinali pakati pa dambo, mvula ili pafupi, Dona Selesite ali ndi gulu lina kumapeto ena a chingwe. A Baptista anali atanena kuti ngalande iyende mmene anaijambulira, ndipo tsiku lililonse lotayika lidzagwera kapitawo. M'mawa wina ndinaona njinga ya Che Saide ikubwera m'kanjira ka m'mbali, dengu la nsomba kumbuyo. Anali atakalamba, ndevu zoyera. Sanandipatse moni. "Nesito, zikhomo izi wakhoma ndani?" Ndinati ndine, mmenemo ndi modutsa chingwe mawa. Anatsamiritsa njinga, n'kundigwira dzanja ngati mwana, n'kundilowetsa m'udzu. Anavundukula ndi ndodo. Panali miyala iwiri, wina kumutu wina kumiyendo. Chikhomo changa chinali pakati.

"Abiti Amadu," anatero. "Mkazi wanga woyamba." Zaka zonse zimene ndinayenda nawo sananenepo. Pothawa nkhondo anthu ankatsata njanji chifukwa ndi pokhapo pouma, ndipo amene anatha mphamvu ankawaika m'tsinde mwa chitunda chakale. Chitunda chatsopano, pokula, chinafika mpaka pamutu pawo. Tinavundukulanso: manda asanu ndi awiri, ondandalika kulowera m'dambo, ena a miyala, ena a mtanda wa zitsulo zadzimbiri. Lamulo la kampani ndinkalidziwa. Ukapeza manda umaimitsa ntchito, umalemba, amabwera a boma, amafukula mafupa n'kukawaika kwina. Ndinawauza Che Saide zimenezo. Anagwedeza mutu. "Tinamugoneka moyang'ana kumene timayang'ana poswali. Ndinalibe nsalu yoyera, ndinang'amba mkanjo wanga. Anathawa kokwanira mayi ameneyu, Nesito. Usamuyendetsenso."

Kukwera ndi ngalande m'chitunda sikukanatheka. Kukumba m'thupi la chitunda ndiko kuitana madzi. Ndinaitana anthu anga onse. Sindinafunikire kulankhula zambiri. Jafali, wachiwiri wanga, anali ndi achimwene ake ogona m'thengo lina la ku Amaramba. Wina mwana, wina mayi. Ine bambo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analibe wake wogona penapake popanda dzina, ndipo aliyense ankaganiza za khasu la mlendo likumufika. Jafali anati, "A kapitawo, tizungulire basi." Tinakumba kulowa m'dambo, kuzungulira manda onse, n'kubwereranso m'tsinde mwa chitunda. Ndinayeza ndekha ndi tepi: tinawonjezera mamita makumi asanu. Ndiye nzeru yanga yoipa inabwera apa. Titafika pa bokosi lotsatira, mkombero wotsalira uja ndinauchepetsa ndi mamita omwewo. Utali wonse unakhala monga unalembedwera. Dona Selesite atabwera ndi ketulo yake, anathira potuluka pa bokosi, zinagwirizana, n'kundiyamikira kuti gulu langa ndi laudongo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti kuchokera pamanda mpaka pa bokosilo, pafupifupi kilomita yathunthu, mapu ake akunama ndi mamita makumi asanu. Ndinadziuza kuti gawo limenelo n'lolimba, sipadzachitika kanthu.

Dzinja lachitatu la chingwe

Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osapuma. M'mawa wa Lachinayi, dzuwa litangotuluka, Dona Selesite anaimba kuchokera ku Cuamba. Anati usiku wonse malo ena akhala akuzizira, ndipo tsopano chingwe chayamba kukokeka pomwepo. Anatchula kilomita ndi mita yake. Malowo anali m'gawo lija la pakati pa manda ndi bokosi. Sitima ya anthu, yodzaza amayi a kumsika, inkayenera kudutsa cha m'ma leveni. A Baptista anali ku Entre Lagos tsiku limenelo, ndipo anabwera okha ndi galimoto yoyenda pa njanji, ine ndi Jafali ndi anthu anayi tili kumbuyo. Tinaima pamene mapu ananena. Udzu unali wopitirira munthu. Tinasenga mamita khumi uku, khumi uku, tinabaya ndi zitsulo, tinaponda. Dothi linali gwa. A Baptista, amene chingwecho sankachikonda chiyambire chifukwa chinkaimitsa sitima iwo osafunsidwa, anayamba kumwetulira. "Ulusi wa Dona walota," anatero. "Ndikutsegula njira."

Jafali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Ndikuuzani zoona, ana anga, sindinaulule pamenepo. Ndinati m'mimba mwandipotokola, andidikire pang'ono asanaimbe. Ndinabwerera m'mbuyo cha kumanda ndikuwerenga mitanda ya njanji chamumtima, yoposa pang'ono makumi asanu ndi atatu, n'kuvula nsapato, n'kutsika. Ndisanavundukule n'komwe udzu, phazi langa linamira mpaka m'bondo. M'tsinde mwa chitunda munkatuluka madzi okula ngati mkono wanga, ofiira ngati thobwa la mawere, ataunjika kale kamulu ka dothi labwino limene anaba mkati. Pamwamba njanji inali yowongoka, miyala ili m'malo mwake, mbalame itatera pachitsulo. Munthu woyenda pamwamba sakanaona kanthu. Kaulusi kaja kanamva zonsezi mumdima, pansi pa dothi, pansi pa udzu, n'kukauza munthu amene anali ku Cuamba. Ndinakuwa.

Anabwera akuthamanga. A Baptista atabaya chitsulo m'mbali mwa chitunda, chinalowa chonse ngati m'phala. Nkhope yawo inatuwa. Anaimba pa wailesi, sitima inaimitsidwa pa sitesheni ya kumbuyo, Jafali anathamanga ndi mbendera yofiira. Titakumba pambuyo pake tinapeza mphanga pansi penipeni pa njanji, yoti mbuzi ziwiri zikanagonamo. Koma zimenezo zinali madzulo. Pa nthawiyo a Baptista anandisisita paphewa, koyamba chiyambire. "Ernesto! Phazi la munthu, mwaona? Makalata ako awiri aja ndikawang'amba lero lomwe." Kenako anaimbira Dona Selesite, foni ataikweza mawu kuti tonse timve. Anamuuza kuti chingwe chake chaphonya ndi mamita makumi asanu, kuti anthu akanafa chifukwa chokhulupirira ulusi, kuti pakanapanda m'mimba mwa kapitawo bwenzi tikutola mitembo. Anati alemba ku likulu tsiku lomwelo kuti chingwe chisaimitsenso sitima, ndipo amene anachiyeza akafotokoze yekha. Dona Selesite anayankha ndi mawu aang'ono: "Sizingatheke, shefi. Ndinayesa bokosi lililonse. Ndiyang'ananso... mwina ndinalakwitsa penapake."

Ndinali nditapambana chilichonse. Makalata ong'ambidwa, manda osadziwika ndi aliyense, dzina labwino. Chimene chinkafunika n'kutseka pakamwa basi, ndipo zaka zisanu ndinali nditaphunzira kutseka. Koma kumva mayi uja akudzikayikira, ndi kumva munthu woopa matope akutcha wabodza chinthu chimene chinangonena zoona mpaka pa mita, magazi anandikwera kumutu monga kale. Ndinaganizanso za dzinja likubwerali, chingwe chikulira, anthu akuseka kuti chalota. Ndinawalanda foni m'manja a Baptista. "A enjenyera, musayang'ane kanthu. Chingwe sichinaphonye. Wabodza ndine." Ndinanena zonse, manda, kuzungulira, mkombero wa pa bokosi, ndikukuwa ngati ndikukalipira wina. A Baptista anati, "Bweza foni yanga, galu iwe." Ndinati, "Tengani, koma muzilemba zoona kamodzi m'moyo mwanu." Jafali, amene anali atangobwerera, anakhala pa njanji n'kugwira mutu.

Masabata otsatira

Che Saide ndinakawauza ndekha madzulo a tsiku lomwelo, pakhomo pawo. Ndinayembekeza kuti anditukwana. Anangofunsa kuti, "Madziwo anali ofiira?" Ndinati ofiira. Kenako anati, "Akamadzafukula undiitane. Asamugwire anthu osamudziwa."

Dona Selesite anabwera Loweruka. Sanandilankhule. Anauza Jafali kuti amuperekeze kumanda, ine ndikutsatira kumbuyo. Che Saide anali atafika kale, atavala mkanjo wa Lachisanu. Mayiyo anayenda kuzungulira miyala ija, n'kutulutsa mapu ake, n'kufunsa Che Saide mayina a ogona pamenepo. Ankadziwa atatu okha. Enawo analemba kuti osadziwika. Ndiye ananditembenukira, ndipo sindinaonepo munthu wamng'ono thupi atakwiya chotero. "A kapitawo, mukuganiza kuti chingwe chili nazo kanthu kuti chadutsa kuti? Chikhoza kuzungulira manda, mtengo, nyumba ya apongozi anu. Chimangofuna kuti ine ndidziwe. Mukanandiuza, ndikanajambula tsiku lomwelo, ndipo za kufukula ndikanakamenyera ine. Agogo anga ali m'thengo la ku Malema, simudziwa?"

Manda sanafukulidwe. Dona Selesite analemba kuti kukumba pamenepo kungafooketse chitunda, zimene zinali zoona, ndipo anawazunguliza waya n'kuwonjezera kachingwe kena kakafupi komvera gawo limene tinalidumpha. Kalata yanga inabwera patatha masabata atatu. Inayenera kukhala chitseko. Ndinamva pambuyo pake kuti Dona Selesite analemba masamba awiri ondidzudzula ndi mzere umodzi wakuti munthu ameneyu anaulula pamene palibe akanamugwira. Mzere umenewo ndi umene unakumalizitsa sekondale, Lusiya. Ukapitawo anapatsa Jafali, ine mbendera, ndipo ndinaima pa msewu wa ngolo uja mpaka bondo linandikana.

Ntchito yanga yomaliza ngati kapitawo inali kumuonetsa mayiyo njira yonse ya chingwe kuti akonze mapu. Tisanayambe anati, malinga ndi makina, mphanga ija inali mamita makumi asanu ndi mita imodzi kuchokera pamene tinaima poyamba. Ndinati makumi asanu, ndinayeza ndekha. Anati ndi imodzi. Ndinayamba kukweza mawu, kuti zaka makumi awiri ndi zina ndagwira tepi, kuti bodza lake linali langa ndipo ndikudziwa utali wake. Sanatsutse. Anandipatsa tepi, iye n'kugwira kunsonga. Tinafukula chingwe apa ndi apo, tinatsata mokhotakhota monse kuzungulira akufa aja, Che Saide atakhala pa njinga yawo akutionerera. Tinayeza katatu, kachitatuko ndinakakamiza ine.

Anali makumi asanu ndi imodzi. Che Saide anaseka mpaka anatsokomola. Ukapitawo ndinauiwala kalekale, ana anga, koma mita imodzi imeneyo imandiwawabe.